Mwana Wabwera Kudzakhala ndi Inu ku Joni: Mmene Mungaimitsire Ndalama za Mentenansi

Mwana wanga anafika kunyumba kwanga mwezi wa Januwale, kutatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulidwe, atanyamula chikwama cha zovala ndi kajumbo ka mabuku. Anali ndi zaka 11. Mayi ake anali atapeza ntchito ya m'nyumba ku Cape Town, yogonera komweko, ndipo mabwana awo ananeneratu kuti kachipinda ka kuseri n'ka munthu mmodzi. Tinakambirana pa foni popanda kukangana. Iwo anati, "Bambo ake, mutengeni azikhala ndi inu, ine ndizimuona akatsekera." Ndinavomera ndi mtima wonse. Za ndalama tinangokhudzapo pang'ono: poti mwana azidya kwa ine, R1,800 ya mentenansi ija, ndalama yosamalira mwana imene khoti linalamula kuti ndizitumiza mwezi ndi mwezi, ndisiye. Iwonso anati n'zoona. Ndinasiya.

Patapita miyezi inayi, mnzanga wina wa kuntchito, amene zinamuonekerapo kale, anandifunsa ngati ndinapita kukhoti. Ndinamuyankha kuti kukhoti ndikatani, poti tinamvana. Anandiuza kuti ndipite mawa lomwelo. Nditafika, anatulutsa fayilo yathu, n'kuwerengetsa, n'kundiuza kuti ndili ndi ngongole ya R7,200. Mwana amene ndalamazo zinali zake anali atadya nsima ya m'nyumba mwanga m'mawa womwewo.

Ndikulemba izi kuti abale anga amene muli kuno, bambo kapena mayi, musadutse njira yomweyo. Mwana akasamuka, chigamulo cha khoti sichisamuka naye. Chimakhala chamoyo mpaka khoti lomwe litachithetsa.

Kuno ku South Africa nkhani zimenezi zimayendera lamulo lotchedwa Maintenance Act, nambala 99 la chaka cha 1998. Khoti lililonse la majisitireti limakhalanso khoti la mentenansi m'dera lake. Eni dziko ndalama imeneyi amaitcha papgeld, ndipo mukamva akuseka za papgeld m'tekisi mungaganize kuti ndi nkhani yopepuka. Si yopepuka. Ndalama ikapitirira masiku 10 isanalipidwe, wolandira ali ndi ufulu wopempha khoti kuti lilande katundu wanu kapena lizidula malipiro anu kuntchito. Kulephera kulipira ndi mlandunso pawokha, ndipo chisinthireni lamuloli mu 2015, chilango chikhoza kufika zaka zitatu m'ndende, pomwe kale chinkalekeza chaka chimodzi. Dzina lanu likhoza kupitanso ku credit bureau, kumene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, ndiye kuti akaunti ya mipando kapena ngongole ya galimoto mwaiphonya. Ngongole yake sichedwa kukula koma imachedwa kufa: mu 2022 khoti la Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein linagamula kuti munthu akhoza kuilondola mpaka zaka 30. Lero mukumvana ndi mayi a mwana, inde. Nanga zaka khumi zikubwerazi, mmodzi wa inu atakwatira kapena kukwatiwa kwina, kapena ntchito itatha?

Choncho choyamba n'chowawa: pitirizani kulipira mpaka pepala latsopano litatuluka. Ndikudziwa kuti kuli ngati kulipira kawiri, uku mukugula yunifolomu ndi chakudya, uku mukutumizanso ndalama kwa munthu amene mwana sali naye. Njira yochepetsera ululu ndi kupita kukhoti sabata yomwe mwana wafika, osadikira kuti muone kaye ngati azolowere. Ndipo ngati mumamvana ndi mnzanu amene munabereka naye mwanayo, mukhoza kutumiza ndalama monga mwa chigamulo, iye n'kukubwezerani kudzera ku banki. Aliyense amakhala ndi umboni wake, fayilo yanu n'kukhala yoyera. Ndalama yapamanja iyayi. Ya pa banki imasiya phazi, ya pamanja imathera pa "munandipatsa liti?"

Pamene mukukonzekera ulendo wa kukhoti, sonkhanitsani zosonyeza kuti mwana akukhaladi ndi inu. Kwa ine chimene chinagwira ntchito kwambiri ndi kalata ya kusukulu. Ndinapita kwa mlembi wa pasukulupo, anandilembera kalata yokhala ndi chidindo yonena kuti mwana analembetsedwa tsiku lakuti, adiresi yake ndi yakuti, ndipo kholo limene amalumikizana nalo ndine. Ndinawonjezerapo marisiti a yunifolomu ndi a transport ya kusukulu, pepala la lendi, ndi mauthenga a pa WhatsApp amene ndinasindikiza pa kashopu ka intaneti, pomwe mayi ake ankanena okha kuti mwana akhale ndi ine. Ngati mwana ndi wamng'ono, kabuku ka kusikelo kaja amakatcha Road to Health kamasonyeza kiliniki imene akupita tsopano. Kenako pitani ku polisi mukalembe affidavit, kalata yolumbirira, yaulere, yofotokoza tsiku limene mwana anabwera ndi chifukwa chake. Lembani zochepa ndi zoona zokhazokha. Mnzanuyo ngati akuvomera, naye alembe yake ku polisi ya kumene ali. Mafotokope a pasipoti, a permit ndi a satifiketi ya kubadwa kwa mwana adindeni konko.

Pali funso limene muyenera kudzifunsa musanapite patali: kodi zoti mwana azikhala ndi mayi ake zinalembedwa penapake ndi khoti? Ife sitinakwatirane mwa boma, ndipo pepala lokhalo pakati pathu linali la ndalama. Koma ngati munasudzulana kukhoti ndipo chigamulo cha chisudzulo chimanena kumene mwana azikhala, kapena muli ndi parenting plan (mgwirizano wa makolo wa kaleredwe ka mwana) yolembetsedwa, ndiye kuti muli ndi mapepala awiri ofunika kusintha. Khoti la mentenansi limaona za ndalama. Za kumene mwana akhale zimayendera lamulo lina, Children's Act, nambala 38 la 2005, ndipo zimakonzedwa ku khoti la ana kapena ku khoti limene linakusudzulani. Apa ofesi ya Family Advocate imathandiza kwaulere: amakhala nanu pansi nonse awiri, amacheza ndi mwana payekha, n'kukuthandizani kulemba mgwirizano watsopano. Lamuloli limanena kuti mwana amene wafika msinkhu womvetsa zinthu afunsidwe maganizo ake, ndiye musamuphunzitse zokanena. Anthu amenewa amacheza ndi ana tsiku ndi tsiku, mawu oloweza amawazindikira msanga, ndipo mwana amavulala mumtima akamakakamizidwa kusankha pakati pa makolo ake.

Abambo amene simunakwatire mayi a mwana, musaope kuti mulibe mawu. Gawo 21 la lamulo lomweli limapatsa bambo wotere udindo ndi ufulu wonse pa mwana ngati ankakhala ndi mayiyo ngati banja pamene mwana ankabadwa, kapena ngati anavomera kuti mwana ndi wake ndipo wakhala akuthandiza kumulera ndi kumulipirira zofunika. Marisiti a zaka zonse zija munkalipira papgeld amakuimirani pamenepa.

Mundilole ndipatuke pang'ono, poti ife ndife anthu a kwathu ngakhale tili kuno. Mayi a mwana wanga ndi a ku Dedza, ndipo kwawoko mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Majisitireti sadzakufunsani ngati malume akudziwa. Koma ine ndisanapite kukhoti ndinaimbira alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a mwana, n'kuwafotokozera kuti sindikulanda mwana, ndipo sindikukasuma mlongo wawo, ndikungokakonza pepala kuti lifanane ndi mmene zinthu zilili. Ndinachita bwino kutero. Mawu oti "wapita kukhoti" akafika kumudzi kudzera mwa anthu ena, amafika atasanduka nkhondo, ndipo mayi amene anali wokonzeka kusaina amayamba kukana chifukwa abale amuuza kuti akufuna kumulanda mwana.

Tsopano kukhoti kwenikweniko. Pitani m'mamawa, chifukwa mzere wa ku ofesi ya mentenansi umatalika dzuwa lisanakwere. Yambirani ku khoti kumene kuli fayilo yanu, mutatenga chigamulo chakale chokhala ndi nambala ya fayiloyo. Ngati mwana wasamukira kutali ndi khotilo, auzeni, chifukwa lamulo limayang'ana kumene mwana akukhala ndipo fayilo imatha kusamutsidwa. Pemphani fomu ya J107. Imeneyi ndi yopempha kuti chigamulo chimene chilipo chisinthidwe kapena chithetsedwe. Musaisokoneze ndi J101, yomwe ndi ya munthu amene akupempha mentenansi koyamba. Simulipira kalikonse, ndipo loya si wofunika. Nkhani ikakhala yopota kwambiri, kuli Legal Aid South Africa imene imathandiza anthu opeza zochepa.

Fomuyi imafuna chifukwa chimene mukupemphera, komanso ndalama zimene mumapeza ndi zimene mumawononga, ndiye tengani mapayslip ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu. Ngati mumagwira maganyu kapena muli ndi kabizinesi, lembani zimene mumapeza moona. Pa chifukwa paja musalembepo mbiri yonse ya mmene munasiyanirana. Ine ndinalemba mizere itatu: mwana akukhala ndi ine kuyambira tsiku lakuti, mayi ake anasamukira ku Cape Town chifukwa cha ntchito, zonse zofunika pa mwana ndikulipira ndine. Mudzafunikanso adiresi ya mnzanuyo, ya kunyumba ndi ya kuntchito, ndi nambala yake ya foni, chifukwa khoti silingathetse chigamulo iye asanadziwitsidwe. Ngati simukudziwa kumene ali, nenani, kuli ma maintenance investigator amene ntchito yawo ndi kufufuza anthu. Ndipo ngati Chingerezi cha m'khoti chimakuthawani, pemphani tsiku lomwelo kuti adzakupezereni wotanthauzira Chichewa. Mukadikira tsiku la mlandu, angokuuzani kuti mubwerenso.

Ganizirani bwino chimene mukupempha, poti kuthetsa ndi kusintha n'zosiyana. Ine ndinali ndi mwana mmodzi ndipo anabwera kwathunthu, ndiye ndinapempha kuthetsa. Koma ngati ana ndi awiri ndipo wabwera mmodzi, musadule nokha ndalama pakati. Lendi ya kumene watsala winayo sinatsike ndi theka, ndipo khoti lidzawerengetsa mwatsopano. Chimodzimodzi ngati mwana amakhala kwa inu masiku a sukulu okha n'kumapita kwa mayi ake Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Werenganinso chigamulo chakale mzere ndi mzere. Zina zimakhala ndi magawo angapo: ndalama ya pamwezi, fizi, medical aid, zovala kawiri pa chaka. Nenani momveka gawo limene lithe ndi limene litsale, kuti pasakhale kamzere koiwalika kamene kadzakudzutseni patsogolo.

Adzakupatsani tsiku lobwera nonse awiri. Poyamba simulowa kwa majisitireti, mumakhala mu ofesi ya maintenance officer, amene amamva mbali zonse n'kuyesa kukugwirizanitsani. Mayi a mwana wanga anapempha masiku awiri kuntchito n'kukwera basi usiku wonse, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo tikiti tinagawana. Lamulo limalola kuti munthu avomere polemba ngati sangathe kufika, choncho ngati mnzanu ali kutali funsani pepala loyenera kuti asaine. Mukagwirizana, mumasaina, pepala limapita kwa majisitireti, iye n'kulisandutsa chigamulo. Mukapanda kugwirizana, nkhani imalowa m'khoti, aliyense amalumbira n'kupereka umboni wake, majisitireti n'kugamula. Wina akaitanidwa mwalamulo koma osabwera, khoti likhoza kugamula iye kulibe, ndiye inunso musaphonye tsiku lanu ngakhale abwana atavuta bwanji. Aonetseni kalata ya khoti.

M'chipinda chimenecho ndinaphunziramo kanthu. Ndinalowa ndikuganiza kuti nkhani ndi ya ine ndi ndalama zanga. Mayi amene ankatithandizawo sanafunse zambiri za ine. Anafunsa kumene mwana amagona, amene amakhala naye ndikakhala pa shifiti ya usiku, mmene amapitira kusukulu, ndi mmene azionanirana ndi mayi ake. Konzekerani mafunso amenewa, ndipo ngati mulibe mayankho ake, ndiye kuti pali zina zofunika kukonza kunyumba musanaganize za fomu. Ine ndinapempha kuntchito kuti andichotse pa mashifiti a usiku, ndipo malipiro anatsikako. Zimenezo ndinazinena momwemo.

Za R7,200 ija, musayembekezere kuti ngongole ya miyezi imene munadumpha ingofufutika chifukwa mwana anali kwa inu. Ndalamayo m'maso mwa lamulo ndi ya mwana, ndipo chigamulo chinali chikugwira ntchito miyezi yonseyo. Fotokozani mmene zinalili, perekani umboni wa zimene munawononga, koma lowani mukudziwa kuti mukhoza kulipira. Ife tinagwirizana kuti ndizipereka R600 pamwezi kwa miyezi 12, ndipo zinalembedwa. Mayi ake anaisandutsa ndalama ya matikiti a basi a mwana ndi zovala za nyengo yozizira. Sindinadandaule nazo, ngakhale kuti ndikanapita kukhoti mu Januwale ngongoleyo sikanabadwa n'komwe.

Chigamulo chatsopano chikatuluka, musachoke musanachiwerenge. Onani kuti dzina la mwana ndi nambala ya fayilo zili bwino, ndipo koposa zonse onani tsiku limene kulipira kukuthera. Ngati silinalembedwe momveka, funsani pomwepo. Tengani kope yokhala ndi chidindo, ijambuleni pa foni, ina muisunge kwa m'bale wodalirika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: mawu oti "zatheka, pitani" simungawaonetse munthu zaka zisanu zikubwerazi.

Amene amakudulani kuntchito, kuja timati garnishee, muli ndi ulendo wina. A ku ofesi ya malipiro sangasiye kudula chifukwa mwawauza, ngakhale mutabwera ndi mwanayo pamaso pawo. Iwo analamulidwa ndi khoti, ndipo akasiya okha mlandu umagwera kampani. Pemphani khoti kuti lithetsenso lamulo lodula malipirolo ndi kupereka kalata yopita kwa olemba ntchito. Kope yake ipititseni nokha, wolandira asaine ndi kulemba tsiku, ndipo funsani tsiku limene amatseka mawerengero a mwezi umenewo. Payslip yotsatira iyang'anitsitseni. Mnzanga uja anadulidwa miyezi iwiri yowonjezera chifukwa kalata inangokhala m'thireyi ya munthu amene anali pa tchuthi, ndipo kubweza ndalama imene yapita kale n'kovuta kuposa kuiletsa isanapite. Ngati munaika stop order ku banki, kaithetseni nokha pepala likatuluka, osati lisanatuluke. Ngati munkalipira kudzera ku khoti, pemphani sitetimenti yosonyeza kuti simutsala ndi kanthu.

Mwina mukufunsa ngati tsopano mnzanuyo ayenera kumakupatsani inu. Lamulo limati makolo onse awiri ali ndi udindo wosamala mwana, aliyense molingana ndi mmene amapezera, ndipo silisiyanitsa bambo ndi mayi. Muli ndi ufulu wolemba J101. Ine sindinalembe. Ndinaona malipiro a ntchito ya m'nyumba, ndinakumbukanso zaka zimene R1,800 yanga sinkakwana ndipo iwo ankaphimba okha osandiuza. Tinangogwirizana kuti iwo azigula nsapato za sukulu ndi mayunitsi a foni ya mwana. Koma sindinganene kuti aliyense achite ngati ine. Ngati mnzanu amapeza bwino ndipo inu mukuvutika, kupempha si kubwezera, ndalamayo ndi ya mwana. Chimene ndimakana ndi kulemba fomu pofuna kuti naye alawe. Ana amamva zimenezi ngakhale tikuganiza kuti agona.

Pali njira ina imene ambiri a ife timadutsa: mwana sabwera kwa inu, koma amatumizidwa kumudzi kwa agogo ake. Apa udindo wanu sunathe, wangosintha kolowera. Pitani kukhoti ndi J107 yomweyo kuti chigamulo chinene kumene ndalama izipita, ndipo marisiti a Mukuru kapena njira ina iliyonse imene mumatumizira muziwasunga. Musaganizenso kuti kuwoloka Beitbridge ndi Mwanza kumathetsa nkhani. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko amene ali pa mgwirizano ndi South Africa wothandizana kulondola zigamulo za mentenansi. Ndipo mwana akakwanitsa zaka 18, musangosiya poganiza kuti wakula. Kuno udindo umapitirira mpaka mwana atayamba kudziimira payekha, ndiye werengani mawu a chigamulo chanu, ndipo ngati sichinatchule msinkhu, njira ndi yomweyi ya kukhoti.

Kwa ife, kuyambira tsiku limene ndinapereka fomu mpaka pepala kutuluka panadutsa masabata asanu ndi awiri. Mwana ali Grade 7 tsopano, ndipo Disembala aliyense amakwera basi kupita kwa mayi ake. Iwo akuyang'ana ntchito ina yoti azibwerera kunyumba madzulo, ndipo akaipeza n'kutheka kuti mwana adzafuna kubwerera kwa iwo. Tinakambirana kale za tsiku limenelo. Chigamulo chakale sichidzadzuka chokha, adzafunika kulemba J101 yatsopano, ndipo ndinawalonjeza kuti sabata yomwe mwana adzanyamule chikwama chake, tidzapita limodzi kukaima pa mzere uja.